Kanyale kachikasu kakayaka, musathamangire selotepi

Abale anga a kuno kwa Njewa, Mpingu, Msundwe mpaka ku Namitete, sabata ino tiyeni tisiye kaye za andale, tikambe za kanthu kakang'ono kamene kakudya ndalama za mabanja mwakachetechete. Ndikunena kanyale kachikasu kaja kamayaka kuseri kwa chiwongolero, kooneka ngati injini yojambulidwa ndi mwana wa Sitandade 2. Ena amati kakufanana ndi mpopi wa madzi, ena amati ndi helikopita. Pa galimoto zina pamalembedwa mawu oti CHECK.

Kwerani Sienta iliyonse ya matola pa msewu wa Mchinji, musuzumire kutsogolo kwa dalaivala. Kawirikawiri mukapeza kakuwala ngati nyenyezi. Mukafunsa, yankho lake ndi limodzi: "Aaa, musadandaule bwana, kameneko ndi kake, inabwera choncho." Ena ochenjera amamatapo selotepi yakuda. Ena amaikapo chithunzi cha mwana, kapena kapepala ka vesi, kuti maso asamaonepo. Eti kuphimba chilonda ndi nsanza n'kumati chapola!

Wa matola ndi nkhani ina, iyeyo mawa agulitsa galimotoyo n'kugula ina. Ine nkhawa yanga ili pa galimoto ya banja. Kumudzi kuno galimoto imodzi ndi ya mtundu wonse. Inagulidwa ndi ndalama za fodya wa ku okushoni ku Kanengo, kapena za soya ndi mtedza wa zaka zitatu, kapena mwana amene ali ku Joni ndiye anatumiza. Ndi yomweyo imanyamula feteleza, ndi yomweyo imanyamula akwati, ndipo usiku wa manda mayi woyembekezera zikamuvuta ndi yomweyo imathamangira ku St Gabriel's ku Namitete, ku chipatala cha kwa Kabudula kapena ku Central mumzinda. Galimoto yoteroyo ikafa, si mwini wake yekha amene amalira.

Tiyambire apa: kanyaleka kanachokera kuti? Madalaivala akale aja, a Peugeot 404, Datsun 120Y ndi Land Rover, sankakadziwa. Galimoto zawo zinali za kabuleta. Makaniko ankangotchera khutu, n'kutembenuza kasikuluwu, injini n'kuyamba kuyimba bwino. Galimoto za masiku ano zili ndi kompyuta m'kati. Kompyutayo ndi imene imayeza mpweya wolowa mu injini, n'kulamula kuchuluka kwa petulo woti apoperedwe, n'kunenanso nthawi yoti mapulagi athethetse moto. Muyeso umene imafuna ndi wakuti pa magalamu 14.7 a mpweya pakhale galamu imodzi ya petulo. Kuti idziwe zimene zikuchitika, ili ndi akazitape ake, amene amakaniko amawatcha masensa. Wina amakhala pa paipi ya mpweya, wina mu ekisozi kununkhiza utsi, wina m'madzi a injini, wina amawerenga kuzungulira kwa kilankishafiti. Wonunkhiza utsi uja anapangidwa ndi kampani ya Bosch ya ku Germany, ndipo anayamba kuikidwa mu galimoto za Volvo mu 1976.

Kazitape mmodzi akabweretsa lipoti losamveka, kompyuta imalemba nambala ya vutolo n'kuisunga, kenaka imayatsa kanyale kuti inu mudziwe kuti kuli uthenga. Basi. Kanyaleko si matenda ayi, ndi mthenga chabe. Ndipo kwathu kuno timadziwa kuti mthenga saphedwa.

Poyamba kampani iliyonse inali ndi chiyankhulo chakechake. Boma la America ndi limene linalamula kuti kuyambira mu 1996 galimoto zonse zogulitsidwa kumeneko zikhale ndi soketi yofanana ndi manambala ofanana, dongosolo lotchedwa OBD-II. Ku Ulaya anatsatira mu 2001 pa galimoto za petulo. Soketi imeneyi ili ndi timabowo 16, ndipo imakhala pansi pa chiwongolero, cha m'mawondo mwa dalaivala. Weramani lero muione, ilipo. Ma Vitz, Passo, Mira, Sienta, Note ndi Probox amene amatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe onse ali nayo.

Koma tisanafike ku soketiko, pali chinthu chimene dalaivala aliyense, ngakhale amayi a kunyumba amene amangoyendetsa Lamulungu popita ku tchalitchi, ayenera kuchidziwa ngati dzina lawo. Nyale za pa dashibodi si zofanana. Mtundu wake ndi umene umanena kukula kwa mlandu.

Ikayaka yofiira yooneka ngati kaketulo kodontha, imeneyo ndi ya oyilo. Imani pomwepo, zimitsani injini. Osati "tikafike kaye pa Chitedze", ayi, pomwepo. Nyale imeneyo ikutanthauza kuti oyilo sakuyenda ndi mphamvu mu injini, zitsulo zikukhulana zouma, ndipo mphindi zochepa chabe zikwanira kuti injini inoke. Ikanoka ndiye kuti mukukamba za ovaholo kapena injini ina, ndalama zogulira ng'ombe. Chimodzimodzi yofiira yooneka ngati chipangizo choyezera kutentha kwa thupi chili m'madzi: injini yawira. Imani, dikirani izizire, ndipo musayerekeze kutsegula chitsekerero cha ladiyeta ili yotentha, madzi ake amasupula nkhope. Galimoto zambiri zazing'onozi zilibe muvi woonetsa kutentha, zili ndi nyale yokhayo. M'mawa imayaka yobiriwira kapena yabuluu kusonyeza kuti injini ikadali yozizira, imeneyo si vuto, imazima yokha. Ikafiira ndiye nkhondo. Yofiira ya batire nayo imati olutaneta yasiya kutchaja, mwina lamba waduka. Pa injini zambiri lamba yemweyo ndi amene amazunguza pampu ya madzi, choncho musaidelere.

Kachikasu kathu kaja kali ndi mayankhulidwe awiri. Kakangoyaka n'kukhala duu, galimoto ikukoka bwinobwino, palibe fungo lachilendo kapena phokoso, mutha kupitiriza ulendo modekha n'kukaonetsa galimotoyo sabata yomweyo. Koma kakamaphethira, kuyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima, injini ikunjenjemera ngati munthu wa malungo, ndiye kuti silinda ina sikuwotcha petulo. Petulo wosapsayo akutsikira mu ekisozi n'kukapsera kumeneko, ndipo akuwotcha chosefera utsi chija chotchedwa catalytic converter. Apo chepetsani liwiro, tsitsani katundu ngati n'kotheka, ndipo musapite nayo kutali. Kumbukirani kuti Mira ndi Passo kapena Vitz ya 1.0 kawirikawiri zimakhala ndi masilinda atatu okha. Imodzi ikagona, gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu lapita, ndiye inu mwakwezamo matumba asanu a chimanga ndi apongozi pamwamba.

Tsono vuto lenileni limayamba galimoto ikafika kwa makaniko. Ndisanamizire, amakaniko athu a pansi pa mtengo wa mango ndi anthu a luso. Munthu amene amatha kutsitsa giyabokosi ndi jeke imodzi, njerwa ziwiri ndi sipanala zobwereka ndi woyenera ulemu. Koma luso la khutu limathera pa kabuleta. Pa kanyale kachikasu ambiri amangolota. Ndipo maloto awo amalipiridwa ndi inu.

Atsibweni anga anaziona chaka chatha ndi Sienta yawo. Kanyale kanayaka, galimoto n'kuyamba kuzima ikaima pa mphambano. Makaniko woyamba anaimvetsera n'kunena motsimikiza kuti, "Madala, awa ndi mapulagi." Anagula anayi. Patapita masiku awiri kanyale kanabwerera. "Ndiye kuti ndi koyilo, madala." Anagula. Kanabwereranso. Wachiwiri, pa galaja ina m'tauni imene sinditchula dzina, anati pampu ya petulo yatopa, ndipo anatsitsa mpando wakumbuyo n'kuisintha. Atsibweni anagulitsa mbuzi ziwiri. Kumudzi nkhani inali itayamba kale kupita kwina: ati galimoto imeneyi anthu sanakondwe nayo chibwerereni, pali wina waiponda. Panatsala pang'ono kuti abale a bere limodzi asiye kupatsana moni. Tsiku limene anaiika pa makina, nambala inatuluka ndi P0171, kutanthauza kuti injini ikulandira mpweya wambiri kuposa petulo. Mnyamata wa makinayo anatsegula boneti n'kupinda paipi ya labala yochokera ku sefa ya mpweya. Kunsi kwake inali itang'ambika, mng'alu wotalika ngati chala. Mpweya unkalowera pamenepo osawerengedwa. Mfiti yake inali imeneyo.

Taonani bwino zimene anachita mnyamatayo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Makina sanamuuze kuti "paipi yang'ambika". Anangomuuza dera limene kuli vuto, iye n'kukafufuza ndi maso ndi manja. Anthu ambiri amaganiza kuti kompyuta ndi mlauli amene amatchula dzina la chitsulo chofunika kugula. Ayi ndithu. Nambala ikatchula sensa ya mu ekisozi, sizitanthauza kuti sensayo yafa. Mwina waya wake wadyedwa ndi makoswe, ndipo galimoto zogona pafupi ndi nkhokwe zimadziwa bwino za makoswe. Mwina pulagi yake yadzaza matope a dzinja. Mwinanso sensayo ili bwinobwino, ikunena zoona kuti utsi suli bwino chifukwa cha vuto lina kumtunda. Munthu wa laputopu amene amangowerenga nambala n'kukutumani kukagula sensa ku Biwi kapena ku Malangalanga osagwira waya ndi mmodzi yemwe, ameneyo ndi wolota mnzake wa uja wa pansi pa mango, kungoti uyu maloto ake ndi odula.

Ndipo pali ena oipirapo. Amalumikiza makina, n'kudina batani lofufutira, kanyale n'kuzima, inu n'kulipira mukumwetulira. Mukafika pa Mpingu kayakanso. Kuchotsa waya wa batire kwa kanthawi nakonso kumazimitsa kanyaleka pa galimoto zambiri, koma kumeneko n'kung'amba kalata usanaiwerenge. Choncho mukapita kokayezetsa, nenani mwaulemu kuti, "Achimwene, musanafufute mundilembere nambalayo pa pepala." Ndi galimoto yanu, ndi ndalama zanu. Nambala zake si zovuta. P ndiye kuti nkhani ndi ya injini kapena giyabokosi. P0300 ndiye kuti masilinda akuphonya moto mosasankha. P0301 ndi silinda yoyamba, P0302 yachiwiri, choncho. P0101 ndi sensa yoyeza mpweya. P0420 ndi chosefera utsi chija. Mukakhala ndi pepala limenelo, makaniko wachiwiri sangakuyambitseni pa ziro.

Palinso kanzeru kamene makaniko wabwino amachita asanakutumeni kusitolo. Ngati nambala ikuti silinda yachiwiri ikuphonya, amachotsa koyilo ya pamenepo n'kuisinthanitsa ndi ya silinda yoyamba. Vuto likasamukira ku yoyamba, wapezeka wolakwa, ndi koyiloyo. Likakhala pomwepo, koyilo ilibe mlandu, ayang'ane pulagi kapena injekita. Mphindi khumi, osagula kanthu. Makaniko amene sakufuna kuchita zimenezi mumufunse chifukwa chake.

Nanga n'chifukwa chiyani kanyaleka kamakonda kuyaka kuno kwathu? Galimoto zimenezi zinapangidwira misewu ya ku Japan, kumene lamulo limati galimoto ikayezedwe ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse. Kuno ikangotsika pa tala n'kulowera njira za kumidzi ya ku Nsaru, kwa Kabudula kapena ku Nambuma mwezi wa Okutobala, imameza fumbi lofiira tsiku lonse. Sefa ya mpweya imatsekeka. Anyamata amaichotsa n'kuimenyetsa pa tayala, ena amaipopera mpweya wamphamvu mpaka kuboola pepala lake, ena amangoitaya n'kumayenda popanda. Fumbi likadutsa limakamatira pa kawaya kopyapyala ka sensa yoyezera mpweya, kompyuta n'kuyamba kulandira mabodza. Sensa imeneyi nthawi zambiri imangofuna kutsukidwa ndi mankhwala ake opopera, osati kuipukuta ndi nsanza kapena kuikanda ndi waya. Ndipo sefa yatsopano ndi yotsika mtengo kuposa china chilichonse chimene fumbilo lingawononge.

Chachiwiri ndi mafuta a m'zigubu. Tonse tikukumbukira mizere ya pa mafilingi mu 2011 ndi 2012, ndipo inabweranso mu 2022 ndi 2024. Mafuta akasowa, munthu amene ali ndi wodwala m'galimoto safunsa kuti chigubuchi munali chiyani dzulo. Amathira basi. Sindikumuweruza. Bungwe la MERA lakhala likuchenjeza za malonda amenewa, koma chenjezo silithira mafuta mu thanki. Chimene tiyenera kudziwa n'chakuti m'zigubu zina mumalowa palafini, madzi ndi zinyalala. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, ntchito imene inayambira ku Dwangwa mu 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Chigubu chosatseka bwino, chokhala padzuwa ndi pamvula, chimabweretsa madzi mu thanki. Ndiye kanyale kakayaka tsiku lomwelo kapena mawa lake mutathira mafuta a pamsewu, muuzeni makaniko zimenezo poyamba penipeni. Musachite manyazi. Ambiri amabisa ngati wodwala amene sakufuna kuuza dokotala kumene anadutsa, mapeto ake n'kugula zitsulo zosafunika. Chizolowezi china choipa ndi choyenda thanki ili pansi nthawi zonse, malita awiri lero, awiri mawa. Pampu ya petulo imakhala m'kati mwa thanki ndipo imazizira ndi petulo yemweyo. Ikamakhala pouma imatentha n'kufa msanga.

Chachitatu ndi chija ndatchula kale, chosefera utsi. M'kati mwake muli chinthu chooneka ngati zisa za njuchi, chopakidwa miyala ya mtengo wapatali: platinum, palladium ndi rhodium. N'chifukwa chake chili ndi msika. Pali eni galimoto amene amachigulitsa okha, atauzidwa kuti galimoto izikoka bwino akachichotsa. Palinso amene amaberedwa osadziwa, galimoto itagona ku galaja kapena ili pa ulendo wochokera ku doko. Chikachotsedwa, sensa yakumbuyo imaona kuti utsi ukutuluka momwe unalowera, kompyuta n'kulemba P0420, kanyale n'kuyaka mpaka kalekale. Zikatero kuipa kwake n'kwakuti mwataya mlonda. Kanyale kamene kamayaka tsiku lililonse sikangakuuzeninso kanthu tsiku limene vuto lenileni labwera. Mulira nkhandwe tsiku ndi tsiku, tsiku la fisi palibe amene adzatuluke.

Ena anena kuti, iwe mnyamata, ukudziwa mtengo wa zipangizo masiku ano? Ndikudziwa. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chitsulo chilichonse cha galimoto chimachokera kunja. Koma chimenecho ndiye chifukwa chenicheni choyezetsera musanagule kanthu. Nthawi imene zinthu zinali zotchipa munthu ukanatha kulota katatu. Lero maloto amodzi olakwika ndi fizi ya mwana ya teremu yonse. Kunyalanyaza nakonso kuli ndi mtengo wake umene suoneka. Sensa ya mu ekisozi ikafa, kompyuta imayamba kuthira petulo mongoyerekeza, ndipo imakonda kuthira wambiri. Galimoto imayenda ndithu, koma ikumwa ngati chidakwa cha pa Chigwirizano, inu n'kumatukwana a pa filingi kuti mapampu awo ndi obera.

Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti kachipangizo kowerengera manambalawa si kodula monga anthu amaganizira. Pali kena kakang'ono ngati bokosi la machesi, kotchedwa ELM327, kamene mumalowetsa mu soketi ija n'kumawerenga pa foni. Chenjezo lake n'lakuti galimoto zina zakale zopangidwira msika wa ku Japan sizimvana ndi totchipati, zimafuna makina akuluakulu, choncho yesani pa galimoto yanu musanalipire. Komabe, bwanji pa Nsaru, pa Msundwe kapena pa Namitete pasakhale mnyamata kapena mtsikana mmodzi wodziwa ntchito imeneyi, m'malo moti aliyense azikwawa ndi galimoto yodwala mpaka mumzinda? Sukulu ya ntchito zamanja ili pakhomo pompano ku Namitete, ina ili mu Lilongwe, TEVETA ilipo kuyambira 1999. Amakaniko a pansi pa mango sakufunika kuthamangitsidwa, akungofunika sabata zochepa zowaphunzitsa kuwerenga nambala ndi kuyeza waya ndi mita. Manja ali nawo kale.

Nditsirize ndi inu amene mukudikira kuti msika wa fodya utsegulidwe kuti mukagule galimoto yoyamba ya banja. Ogulitsa ena anazindikira kuti selotepi imaoneka, ndiye amatsegula dashibodi n'kuchotseratu kababu kake, kapena kukamata kumbuyo. Mukaiyesa galimotoyo, palibe nyale ndi imodzi yomwe, inu n'kumati yabwino bwanji. Njira yowagwirira ndi yosavuta. Tembenuzani kiyi mpaka nyale zonse za pa dashibodi ziyake, koma osaliza injini. Ngati ndi ya batani, dinani kawiri phazi lisanaponde buleki. Kachikasu kooneka ngati injini kaja kayenera kuyaka pamodzi ndi zinzake, chifukwa pamenepo galimoto imadziyesa yokha. Mukaliza injini kayenera kuzima pakapita kamphindi. Kenaka muyende nayo ndithu, mpaka pa Chitedze n'kubwerera, chifukwa nambala yofufutidwa m'mawa womwewo imafuna kamtunda kuti ibwerere, ndipo ina imadikira ulendo wachiwiri, choncho zimitsani injini, muilizenso, muyendenso. Koma kakapanda kuyaka pa chiyambi pomwe paja, musafunse zambiri. Bwezani kiyi kwa mwini wake, muthokoze, mukwere minibasi yobwerera kwa Njewa ndalama zanu zili m'thumba.